Kuona Maso a Nkhono N'kudekha: Za Asodzi a Crappie ku Nyanja ya Grenada

Akuluakulu akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewu amauzidwa kawirikawiri ana opupuluma, aja ofuna kukolola tsiku lomwelo abzala, koma ntchito yake sithera pabwalo la mudzi. Kutali kwambiri, m'chigawo cha Mississippi kumwera kwa dziko la America, kuli asodzi amene sanaumvepo mwambiwu chibadwire, komabe amautsata m'mawa uliwonse akakwera boti. Nsomba imene amafuna imatchedwa crappie, ndipo njira imene ambiri amaiphera ndi yoyendetsa boti pang'onopang'ono likukoka kapena kukankha nyambo m'madzi. Eni ake njirayi amaitcha trolling. Munthu woonerera ali kumtunda angayese ndi ulesi, popeza msodziyo amangokhala pampando, ndodo zili ndandanda patsogolo pake. Koma maboti awiri akhoza kuyenda pamadzi amodzimodzi ndi nyambo zofanana, lina n'kubwerera ndi ndiwo zokwanira banja lonse, lina n'kubwerera chimanjamanja. Nkhani ino ndi ya chimene chimasiyanitsa maboti awiriwo, ndiponso ya mkulu wina ndi mdzukulu wake amene anasiyana maganizo pa usodzi umenewu.

Poyamba ndi bwino kuidziwa nsombayo. Crappie ndi nsomba ya m'nyanja ndi m'mitsinje ya ku North America, yopyapyala m'mbali koma yotakata ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Ilipo mitundu iwiri. Yoyera, imene ophunzira amaitcha Pomoxis annularis, ili ndi mizere yotsika kuchokera kumsana ndiponso minga 5 kapena 6 pachipsepse cha pamsana. Yakuda, Pomoxis nigromaculatus, ili ndi mawangamawanga omwazika thupi lonse ndiponso minga 7 kapena 8. Yoyera imapirira madzi amatope, pamene yakuda imakonda madzi owala okhala ndi zomera. Khungu la pakamwa pake ndi lopyapyala kwambiri, n'chifukwa chake ena amaitcha papermouth, kutanthauza kuti kamwa lake lili ngati pepala, ndipo ku Louisiana amaitcha sac-a-lait. Zambiri zimene anthu amagwira sizifika kilogalamu imodzi. Yoyera yaikulu koposa imene inalembedwa inalemera makilogalamu 2.35, ndipo anaigwira ndi Fred Bright mu 1957 pa damu la Enid ku Mississippi komweko. Yakuda yaikulu koposa, ya makilogalamu 2.47, inagwidwa ku Tennessee mu 2018.

Nyanja zimene zinatchukitsa Mississippi pa nsomba imeneyi ndi zochita kumanga. Mu 1927 mtsinje wa Mississippi unasefukira koopsa, numiza minda ndi midzi, nusiya anthu mazanamazana a zikwi opanda pogona. M'zaka zotsatira boma la America, kudzera mwa akatswiri a zomangamanga a asilikali ake, linatseka mitsinje inayi yothira mu Yazoo kuti madzi azitsika mwa muyeso. Umu ndi mmene zinabadwira nyanja za Sardis mu 1940, Arkabutla mu 1943, Enid mu 1952 ndi Grenada mu 1954. Omanga ankaganiza za kusefukira kwa madzi, koma anapangiranso crappie mudzi wabwino: madzi osazama kwambiri, amatope, okhala ndi zitsa za mitengo yakale ndiponso tinsomba tambiri totchedwa shad timene crappie imadya n'kukula msanga. Pansi pa nyanja ya Grenada padakali makwawa amene mitsinje ya Yalobusha ndi Skuna inkadutsamo, ndipo nsomba zimatsata makwawa amenewo monga anthu atsata njira za kumunda.

Mkulu wa m'nkhani ino anabadwira pafupi ndi tauni ya Grenada, ndipo anali mnyamata wosakwana zaka khumi pamene damu linatha kumangidwa. Anaona ndi maso ake malo amene anthu ankadulako nkhuni akumira pang'onopang'ono. Atakula anakhala kalipentala, koma Loweruka lililonse limene nyengo inalola ankalithera panyanja, ndipo atapuma pantchito anawonjezera masiku ena atatu. Sanali munthu wolankhulalankhula. Chuma chake chinali boti lachitsulo lopepuka, ndodo zazitali ndi makope ang'onoang'ono amene ankalembamo za ulendo uliwonse: tsiku, kutentha kwa madzi, kumene mphepo inkachokera, ngati nyanja inkakwera kapena kutsika, kuya kumene nsomba zinadyera, ndi mtundu wa nyambo imene zinakonda. Anzake ankamuseka kuti akulemba mayeso amene palibe adzachonge. Iye ankangomwetulira, chifukwa ankadziwa kuti mutu wa munthu umasunga tsiku limene anagwira zambiri n'kuiwala masiku khumi amene anabwerera wopanda kanthu, pamene kope limasunga onse.

Njira imene ankaikonda kwambiri ndi imene asodzi a kumeneko amaitcha spider rigging, popeza boti likakhala ndi ndodo zambiri zotambalala kutsogolo limaoneka ngati kangaude. Ndodo iliyonse imatalika mamita 4 kapena 5, kuti nyambo ikhale kutali ndi mthunzi wa boti ndi phokoso lake. Kuchingwe amamangirira mbedza ziwiri, ina pamwamba ina pansi, pamodzi ndi kamtovu kokokera chingwecho pansi kuti chiime chilili. Pambedza amakolekapo kansomba kamoyo, kapena nyambo yopanga yotchedwa jig, imene ili ndi kamutu kamtovu ndi kamchira kanthenga kapena kalabala. Boti limayendetsedwa ndi kainjini kamagetsi kosasokosa, ka mtundu umene O. G. Schmidt anayamba kupanga mu 1934 ku Fargo, m'chigawo cha North Dakota. Liwiro lake silifika kilomita imodzi pa ola, moti nkhalamba yoyenda ndi ndodo ikhoza kulipitirira botilo. Msodzi akangowonjeza liwiro, zingwe zimapendekera kumbuyo, nyambo n'kukwera kuchoka pamene nsomba zili. Kuthamanga sikufika, anatero makolo, ndipo pamadzi apa mawuwo ndi oona kwenikweni.

Phunziro loyamba limene mkuluyu ankapereka kwa aliyense womufunsa linali la kuya. Crappie imakonda kuyandama pakati pa madzi, osati pansi penipeni kapena pamwamba penipeni, ndipo imadya choyang'ana m'mwamba. Nyambo ikadutsa pamwamba pake pang'ono imaithamangira, koma ikadutsa pansi pake kawirikawiri siiona n'komwe. Choncho m'mawa iye sankatchera ndodo zonse mofanana. Ina ankaitsitsa mamita awiri, ina awiri ndi theka, ina atatu, ina kupitirira apo. Ndodo imodzi ikagwira kawiri kapena katatu, ankasintha zonse kuti zifanane nayo. Ankachita chimodzimodzi ndi mitundu ya nyambo: m'madzi amatope ankayamba ndi zowala, zachikasu chobiriwira, zofiirira ngati lalanje kapena zakuda, kenaka n'kusiya nsombazo kuti zisankhe zokha. Ankanena kuti msodzi amene afika panyanja atadziwa kale chimene nsomba zidye tsiku limenelo ndi mnzake wa safunsa amene anadya phula.

Phunziro lachiwiri linali la kukhota. Boti likamakoka nyambo kumbuyo n'kukhotera mbali imodzi, zingwe za mkati mwa ngodyayo zimachepa liwiro ndipo ma jig ake amatsika, pamene za kunja zimathamanga n'kukwera. Msodzi watcheru amaona mbali imene yagwira. Ikakhala ya mkati, ndiye kuti nsomba zikufuna nyambo yoyenda pang'onopang'ono kapena yozama; ikakhala ya kunja, afulumizeko pang'ono. N'chifukwa chake mkuluyu sankayenda mowongoka ngati mzere wa m'munda, koma mokhotakhota ngati njoka, akutsata mphepete mwa khwawa lakale la mtsinje. Akagwira ziwiri pamalo amodzi ankatembenuka n'kudutsanso pomwepo, chifukwa crappie imayenda m'magulu. Ndipo nsomba ikadya sankatsomphola ndodo mwamphamvu. Ankaikweza mofatsa, n'kulandira nsombayo ndi kaukonde kachogwirira, podziwa kuti kamwa lapepala lija limang'ambika msanga. Ambiri amataya nsomba zawo zazikulu pafupi ndi boti penipeni, pamene mtima wayamba kale kuwerengera ndiwo.

Phunziro lachitatu linali la nyengo, ndipo apa ndi pamene makope aja ankagwira ntchito. Kumeneko kumazizira kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, ndipo nthawi imeneyo madzi a m'nyanjazi amatsitsidwa dala kuti mvula ikagwa ipeze malo. Nsomba zimasonkhana m'makwawa ozama ndipo zimadya mwaulesi. M'Malichi ndi m'Epulo, madzi akafunda kufika madigiri 14 mpaka 18, zimakwera kupita kosazama kukaswana. Yaimuna imasesa kachisa pansi pafupi ndi zitsa kapena tchire lomira, yaikazi n'kuikira mazira, ndipo yaimunayo imatsala ikulondera. Chaka chimene madzi akwera n'kumiza tchire la m'mphepete pa nthawi imeneyi, ana ambiri amapulumuka. Chaka chimene madzi achepa, mbewu ya chaka chimenecho imachepanso, ndipo asodzi amadzamva kuchepako patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti madzi a pamwamba amatentha, a pansi amazizira koma amasowa mpweya wokwanira, ndipo nsomba zimayandama pamwamba pang'ono pa malire a madzi awiriwo. Apa asodzi amakoka kumbuyo tinsomba tapulasitiki totchedwa crankbait, tokhala ndi mlomo umene umatimiza tikamakokedwa, pa liwiro la makilomita awiri ndi theka kapena atatu pa ola. Chingwe chikatalika kanyamboko kamazama kwambiri, choncho msodzi amawerenga kutalika kwa chingwe chimene watulutsa. Kansomba kapulasitiki kaja kamavina mokongola, koma kunsi kwake kuli mbedza. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Mkuluyu anali ndi mdzukulu wamwamuna amene anakulira m'boti lomwelo. Mnyamatayo anaphunzira kukoleka nyambo asanaphunzire kulemba dzina lake, koma atakula n'kuyamba ntchito mumzinda mtima wake unayamba kutopa ndi kuyenda kwa kamba kuja. Mu 2018 kampani ya Garmin inatulutsa makina otchedwa LiveScope, amene amaonetsa pagalasi nsomba zikusambira pa nthawi yomweyo, ngati kanema. Makina ofufuzira nsomba sanali achilendo, pakuti a Lowrance anayamba kugulitsa kabokosi kawo kobiriwira mu 1959, ndipo mkuluyu nayenso anali ndi makina ake osonyeza kuya kwa madzi. Koma akalewo ankangouza munthu kuti pansi pali kanthu. Atsopanowa amamulola kuona nsomba imodzi ili patali, kuyerekeza kukula kwake, kuitsata, kuika nyambo pamphuno pake, n'kuona ngati yatembenuka kapena yakana. Mdzukuluyo anasunga ndalama nagula makina a mtundu umenewu, ndipo tsiku lina m'Malichi anatenga agogo ake kuti akaone okha.

Asanafike pakati pa m'mawa, mnyamatayo anali atagwira nsomba zonse zimene lamulo linkalola, ndi ndodo imodzi yokha, ndipo zonse zinali zazikulu. Anatembenuka ndi chimwemwe nati, "Agogo, mwaona? Zimene inu mumathera tsiku lonse, ine ndamaliza dzuwa lisanatenthe."

Agogowo sanatsutse. Anatenga nsomba imodzi naitembenuza, napsinja pang'ono pamimba pake, naonetsa mnyamatayo mmene inafufumira. Anati, "Ndaona, mdzukulu wanga, ndipo makinawa ndi anzeru. Koma taona iwe, zimene wasankhazi zambiri ndi zazikazi zodzaza mazira. Ndodo zanga zimagwira chimene chabwera, chachikulu ndi chaching'ono, ndipo zambiri zimandidutsa osandiona. Iwe palibe chimene chikukudutsa. Boti lako ndi limodzi, sungathe nyanja. Nanga tawerenga maboti ali apowo."

Mnyamatayo anayang'ana, ndipo maboti ambiri amene anali pafupi anali ndi munthu woweramira pagalasi. Anayankha kuti sanaphwanye lamulo lililonse, ndipo ananena zoona. Agogowo anavomera kuti n'zoona, koma anati lamulolo linalembedwa pa nthawi imene asodzi ambiri ankabwerera asanakwanitse chiwerengero chololedwa, ndiye kusadziwa kwa anthu kunkateteza nsomba kuposa lamulolo. Anabwerera kumtunda osagwirizana, ndipo kwa miyezi ingapo aliyense ankapita kunyanja payekha.

Chimene chinawabwezera m'boti limodzi ndi nyengo yotentha ya chaka chomwecho. Madzi anatsika msanga, mphepo inavundula matope, ndipo mdzukuluyo anayenda maulendo awiri akuyang'ana pagalasi lopanda kanthu. Makinawo amaona patali pang'ono chabe, pamene nyanja ya Grenada ndi yaikulu; amaonetsa nsomba munthu akafika pamene zili, koma samuuza koyambira. Pa ulendo wachitatu anapita kwa agogo ake. Mkuluyo anatsegula makope, napeza zaka zina zimene madzi anatsika chotero pa mwezi womwewo, nanena malo amene khwawa la Skuna limakhota ndiponso kuya kumene nsomba zinali. Anapita limodzi, natchera ma crankbait kumbuyo, ndipo galasi lija linatsimikiza zimene kope linanena. Tsiku limenelo agogowo anaphunzira kanthu nawonso, chifukwa anaona ndi maso awo nsomba zikuthawa mthunzi wa boti, chinthu chimene kwa zaka zambiri ankangochiganizira. Galu wamkota sakandira pachabe, komanso mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Nkhawa ya mkuluyu sinali yake yekha. Mu 2024 akuluakulu oyang'anira nyama zakutchire ndi nsomba ku Mississippi anatsitsa chiwerengero cha crappie zimene munthu mmodzi angatenge pa tsiku m'nyanja zinayi zija kuchoka pa 15 kufika pa 10, ndipo cha boti lonse la anthu atatu kapena kuposerapo anachitsitsa kuchoka pa 40 kufika pa 25. Chimodzi mwa zifukwa zimene anatchula chinali kuchuluka kwa asodzi ogwiritsa ntchito makina atsopanowa. Lamulo loti nsomba yotengedwa ipitirire mainchesi 12, amene ndi pafupifupi masentimita 30, linalipo kale ndipo linatsala. Ena anadandaula kuti ulendo wautali ndi mafuta okwera mtengo sizikugwirizana ndi nsomba khumi. Ena anati bola khumi chaka ndi chaka kusiyana ndi khumi ndi zisanu kwa zaka zochepa. Mdzukuluyo poyamba anali mbali ya odandaula, koma agogo ake anamukumbutsa kuti tauni yawo imadalira alendo obwera kudzawedza, ogona m'nyumba za alendo, ogula nyambo ndi mafuta, ndipo alendo amenewo amatsata nsomba zazikulu. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Adzukulu a m'mbali mwa nyanja za Malawi sangaone nkhani imeneyi ngati yachilendo. Chambo chachimuna nachonso chimakonza chisa pamchenga nthawi yoswana, ndipo n'chifukwa chake pali miyezi imene makoka amaletsedwa. Ku nyanja ya Malombe chambo chinali chochuluka, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chinali chitachepa kwambiri, maukonde a maso ang'onoang'ono atachuluka ndi kukokolola ana omwe pamodzi ndi malo oswanirana. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mfumu ndi anthu ake akhala akutseka usodzi m'nyengo ya mvula kwa zaka zambiri, ndipo malowo amadziwika ndi nsomba zabwino. Zida ndi zosiyana, kuno ukonde uko galasi, koma funso limene msodzi amakumana nalo ndi limodzi: luso likakula kuposa mmene nsomba zimaswanira, ndani adzaike malire, boma kapena mwini dzanja?

Banja la mkuluyu linapeza yankho lake laling'ono. M'Malichi ndi m'Epulo, nsomba yaikazi yodzaza mazira amaijambula n'kuibwezera m'madzi msanga, ndipo amatenga zimene zangopitirira muyeso pang'ono, zimene agogowo amati ndizo zokoma pokazinga. Galasi amaligwiritsa ntchito pofufuza kuya ndi poona ngati gulu la nsomba lasuntha, kenaka amatchera ndodo zazitali n'kuyenda mwa kale. Madzulo amatsata mwambo wa anthu a kumwera kwa America: amasenga minofu ya nsombazo, amaigubuduza mu ufa wa chimanga wothira mchere ndi tsabola, amaikazinga m'mafuta ambiri, n'kudyera limodzi ndi timipira ta ufa wa chimanga tokazinga totchedwa hushpuppies, tofanana pang'ono ndi zitumbuwa. Oyandikana nawo amaitanidwa, ndipo nsomba khumi zimakwanira anthu ambiri kuposa mmene wodandaula angaganizire.

Maso a mkuluyu anayamba kuchita chidima, ndipo zilembo za m'makope ake zinayamba kukula ndi kupendama. Tsiku lina akutsika m'boti anapatsira mdzukulu wake kope ndi pensulo nati, "Lemba ndiwe lero. Uyambe ndi kutentha kwa madzi, ndipo zimene tabwezera uzilembenso." Mnyamatayo anafunsa kuti alemberenji zobwezera pamene sizinalowe m'thumba. Agogowo anati adzazifuna chaka chamawa, pofuna kudziwa ngati nyanja ikukwera kapena ikutsika. Kuyambira tsiku limenelo masamba a kopelo ali ndi mizere iwiri, wa zotengedwa ndi wa zobwezedwa, ndipo dzanja lolembamo ndi la mdzukulu. Mawu a akulu akoma akagonera.